Maphunziro okonzanso nyumba zakale za ku Shanghai: kodi amapindula ndani?

WaKuHuangpu

Moni nonse a pa gulu lino. Ndili ndi dandaulo limene ndikufuna kuti inu amene mwagwirapo ntchito ya zomangamanga mundithandize kuliganizira. Ndikuphunzira za kakonzedwe ka m'kati mwa nyumba kuno ku Shanghai, ndipo sukulu yathu inatiphatikiza ndi ophunzira ochokera ku Ulaya ndi ku Japan pa maphunziro apadera okonzanso nyumba za m'madera akale otchedwa lilong. Kwa amene simunazionepo, izi ndi nyumba za njerwa zosanja kawiri kapena katatu, zomangidwa mogundizana m'mizere ngati nyumba za mdadada za kwathu, ndipo pakati pa mzere ndi mzere pamadutsa kanjira kopapatiza. Zakale kwambiri zimatchedwa shikumen, ndipo zimadziwika ndi chitseko chakuda cha matabwa chokhala m'felemu ya mwala. Ukalowa umafikira pa kabwalo kakang'ono kopanda denga, kenako chipinda chochezera, masitepe, ndipo khitchini ili kumbuyo. Zinayamba kumangidwa cha m'ma 1860 ndi 1870, pamene anthu othawa nkhondo yapachiweniweni ya Taiping anadzaza mbali za mzindawu zimene zinkalamulidwa ndi Angelezi ndi Afalansa, amalonda n'kuona kuti nyumba za lendi zili ndi ndalama.

Nyumba iliyonse inamangidwira banja limodzi, koma imene gulu lathu linapatsidwa mukukhala mabanja asanu. Pansi pali khitchini imodzi, ndipo m'khitchinimo muli mbaula zisanu za gasi, mipopi isanu ndi mababu asanu, babu lililonse ndi switchi yake komanso waya wopita ku mita yake. Ophunzira a ku Ulaya ataona izi anasangalala kwambiri, nati apeza moyo wa umodzi umene kwawo unatha kalekale, ndipo anajambula khitchini yaikulu yokhala ndi tebulo limodzi lodyerapo onse. Ophunzira a ku China anangoyang'anana. Agogo ena amene akhala m'nyumbamo kuyambira ali mtsikana anafunsa funso limodzi lokha kudzera mwa womasulira, lakuti chimbudzi chawo chikhala pati. Mapulani athu anakhomedwa pa chionetsero kusukulu, tinalandira masatifiketi, alendo anakwera ndege, ndipo m'nyumba ija simunasinthe ngakhale msomali umodzi.

Kodi maphunziro oterewa amathandizadi okhala m'dera, kapena timangosandutsa nyumba za anthu osauka kukhala kalasi yathu?

MmisiriWakale

Tisanapite patali, tiuzeni kaye kuti nyumbazo mwini wake ndani. Ndamanga kwa zaka zambiri, ndipo sindinaonepo munthu wa lendi akuloledwa kugumula khoma la eni ake, kapena akulolera kuwononga ndalama zake pa nyumba imene mawa akhoza kutulutsidwamo.

WaKuHuangpu

Funso lanu ndi lofunika, bambo. Nyumba zambiri za mtunduwu zinalowa m'manja mwa boma m'zaka za m'ma 1950, chipani cha Chikomyunizimu chitatenga ulamuliro mu 1949, ndipo mabanja anagawiridwa chipinda chimodzichimodzi. Banja limakhala ndi ufulu wokhalamo, limalipira lendi yochepa kwambiri, ndipo ufuluwo ukhoza kupita kwa mwana, koma khoma, denga ndi masitepe ndi za boma. Lendi yochepayo sikwanira kukonzetsera kanthu. Kuwonjezera apo, mabanja ambiri amene anapeza bwino anasamukira ku nyumba zatsopano, ndipo zipinda zawo amachititsa lendi kwa anthu ochokera m'zigawo zina amene abwera kudzagwira ntchito m'malesitilanti, kusesa m'misewu kapena kuperekera katundu pa njinga.

Choncho tikamati eni dera tikunena magulu atatu amene zofuna zawo sizifanana. Boma likufuna dera looneka bwino komanso losagwira moto. Okhala ndi ufulu, makamaka amene anasamuka kale, ambiri akudikira tsiku limene deralo lidzatengedwe kuti alandire chipukuta misozi kapena nyumba yatsopano, ndipo kwa iwo kukonza nyumba ndi kuchedwetsa tsikulo. Obwera aja akungofuna kuti lendi isakwere, ndipo deralo likatengedwa iwo sawerengedwa. Pa maphunziro athu tinacheza ndi okalamba okhaokha, chifukwa ndi amene amapezeka pakhomo masana.

MayiWaMdadada

Ine ku China sindinapiteko, koma nkhani ya mababu asanuyo ndaimvetsa kuposa ophunzira a ku Ulayawo. Ndinakhala zaka zambiri m'nyumba za mdadada ku Ndirande, mabanja angapo koma mpopi umodzi, bafa limodzi ndi chimbudzi chimodzi. Mwezi ukatha nkhondo inkakhala pa bilu ya madzi: wina ankati iye ndi mbeta ndipo sachapa matewera, wina ankati alendo a mnzake akhala nthawi yaitali akusamba madzi a tonse. Ndandanda wa okolopa chimbudzi unkakhomedwa pa chitseko, m'mawa mwake n'kupezeka utang'ambidwa. Anthu amene aika babu lawolawo m'khitchini imodzi sikuti amadana ayi. Anapeza njira yoti asamakangane, ndipo njirayo ndi imene yawasunga pamodzi zaka zonsezi. Wobwera ndi tebulo limodzi lalikulu akuchotsa malire amene amasunga mtendere. Ophunzirawo anayenera kufunsidwa kuti tebulolo azipukuta ndani.

Mapulani77

Ndikupempha kuti tisayeze maphunzirowa ndi muyezo umene si wake. Ndaphunzitsapo achinyamata ojambula mapulani, ndipo ndimawauza eni nyumba poyera kuti ana awa abwera kudzaphunzira, osati kudzamanga. Maphunziro a masabata awiri kapena atatu sangasinthe lamulo la umwini, sangapeze ndalama zokumbira mapaipi a zonyansa, ndipo sangapereke chilolezo chogumula khoma. Chimene angasinthe ndi maganizo a wophunzira, amene pakapita zaka adzakhala pa mpando wovomereza kapena kukana mapulani a ena. Wophunzira wa ku Ulaya amene anamva funso la agogo aja sadzajambulanso khitchini asanafunse za chimbudzi.

Komanso kusakaniza anthu a mitundu yosiyana kuli ndi phindu limene sitiyenera kulipeputsa. Akuluakulu anati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. Wophunzira wa ku Shanghai amene anakulira m'nyumba zamakono zazitali amaona lilong ngati chinthu chochititsa manyazi chimene makolo ake anavutika kuti atulukemo, ndipo mwina saona kuti kabwalo kaja kamalowetsa mphepo m'nyengo yotentha, kapena kuti kanjira kopapatiza kamene galimoto sizilowamo ndi amodzi mwa malo ochepa mumzinda waukulu chotero amene mwana angasewere agogo ake akumuona pa zenera. Mlendo amaziona zimenezo chifukwa kwa iye n'zachilendo. Wa komweko naye amadziwa zimene mlendo sangadziwe, monga kuti chipinda choyang'ana kumwera n'chamtengo wapatali chifukwa chimalandira dzuwa m'nyengo yozizira, ndipo banja limene lili nacho silingalole kusinthana ndi wina aliyense ngakhale pulani ikongole bwanji. Magulu awiriwa akakangana moona mtima, pulani imene imatuluka imakhala yabwinopo kuposa imene aliyense akanajambula payekha.

Chiswe

Kalumo kakuthwa kamametanso munthu amene sanapemphe kumetedwa. A Mapulani77, tiyeni tione zimene zachitikadi ku Shanghai komweko. Ku Xintiandi, kampani ya Shui On ya ku Hong Kong inalemba ntchito katswiri wa ku America, Benjamin Wood, ndipo malowo anatsegulidwa mu 2001. Maonekedwe akunja a nyumba ndi mafelemu a miyala anasungidwa, m'kati monse munachotsedwa, ndipo lero muli malesitilanti ndi malo omwera khofi. Mabanja anasamutsidwa. Pomwepo pali nyumba ya shikumen imene munachitikira msonkhano woyamba wa chipani cha Chikomyunizimu mu 1921, ndipo ichi n'chifukwa china chimene deralo silinasandukire nyumba zazitali. Ku Jianyeli, dera lomangidwa cha m'ma 1930, tsopano kuli hotela ya Capella imene inatsegulidwa mu 2017. Ku Zhangyuan anthu anasamutsidwanso, ndipo mbali yake ya kumadzulo inatsegulidwa mu 2022 ili ndi masitolo a katundu wodula. Anasuntha gulu la nyumba za kumeneko zolemera matani pafupifupi 7,500 kuti akumbe pansi pake, ndipo mu 2025 anazibwezera pamalo pogwiritsa ntchito timakina toyenda 432. Luso lilipo ndipo ndalama zilipo, koma zimaonekera nyumba ikatsala yopanda anthu. Kumeneko n'kumene kuphatikiza nzeru zakunja ndi za ku China kwabala zipatso zooneka, ndipo wodya zipatsozo ndi wogula chikwama chodula. Ine ndikanakhala wa m'dera lotero n'kuona ophunzira atafika ndi makamera ndi matepi oyezera, ndikanayamba kufunsa mtengo wa galimoto yosamutsira katundu.

WaKuHuangpu

A Chiswe, zimene mwalemba n'zoona, koma pali mbali ina. Si onse amene anasamuka akulira. Ambiri anali atatopa ndi kunyamula chitini cha zonyansa m'mawa uliwonse kukakhuthula kumapeto kwa kanjira, ndipo nyumba yakutali yokhala ndi bafa anailandira ndi manja awiri, ngakhale kuti inawatalikitsa ndi chipatala, msika ndi anzawo. Palinso madera amene anakonzedwa kuti anthu apitirize kukhalamo. Ku Bugaoli, dera lomangidwa mu 1930, anthu akukhalabe, ndipo m'zipinda zambiri anaikamo zimbudzi zamadzi. Mzindawu unali ndi ndondomeko yoika chimbudzi pa malo a sikweya mita imodzi yokha, pakona ya chipinda kapena paliponse pamene papezeka mpata. Ku Chengxingli anayesa njira ina kuyambira cha mu 2018: mabanja ena analipidwa kuti asamuke, ndipo malo amene anasiya anagawidwa kwa otsala kuti banja lililonse likhale ndi kakhitchini ndi kabafa kake. Mu 2017 akuluakulu a mzinda analengeza kuti kusunga nyumba zakale kukhale patsogolo, kukonza pakati, kugumula pamapeto. Palinso Tianzifang, kumene okhalamo anayamba okha kuchititsa lendi zipinda zapansi kwa ojambula zithunzi ndi amalonda. Kumeneko ndalama zinalowadi m'matumba a ena, koma a m'zipinda zapamwamba amene analibe chochititsa lendi anangolandira phokoso ndi khamu la alendo odzaona malo.

Chimene chikundivuta ine n'chakuti ntchito zimene zinafikitsa chimbudzi m'chipinda zinayendetsedwa ndi maofesi a boma, amisiri ndi zokambirana za khomo ndi khomo zotenga miyezi. Sindikuona pamene maphunziro ngati athu akulowapo.

MmisiriWakale

Nkhani ya chimbudzi pa sikweya mita imodzi yandikoka, chifukwa pamenepo ndi pamene wojambula amasiyana ndi womanga. Pa pepala chimbudzi chimatenga malo ochepa kwambiri. Pa nyumba yosanja imene pansi pake ndi pa matabwa, chimbudzi chimafuna paipi yaikulu ya mamilimita 110 imene iyenera kuyenda motsetsereka, ndipo imadutsa pa siling'i ya munthu wina. Zikhoza kuchitika kuti pamene padutse paipiyo ndi pamwamba pa bedi la munthu wa pansiyo kapena pa tebulo lake lodyera, ndipo iye akakana, pulani yathera pomwepo. Mukadula mitanda kuti paipi idutse, mwafooketsa nyumba. Mukathira konkire pamwamba pa matabwa kuti muike matailosi, mwaisenzetsa katundu amene sinamangidwire, ndipo madzi akangodontha pang'ono matabwa amaola inu osaona. Chinanso chimene achinyamata ambiri sadziwa n'chakuti nyumba zakale zambiri zinamangidwa ndi matope a njereza, amene amalola chinyezi kutuluka. Mukapaka pulasitala wa simenti ndi penti wa mafuta, khoma limaoneka bwino chaka choyamba, kenako chinyezi chimatsekeredwa m'kati, njerwa zimayamba kuyoyoka, pulasitala n'kumasendeka yekha. Ndikufuna kudziwa ngati m'magulu anu munali mmisiri ngakhale mmodzi, kaya pulambala kaya kalipentala.

WaKuHuangpu

Munalibe mmisiri, bambo. Munali aphunzitsi, ophunzira ndi omasulira.

WaKuNampula

Ndiloleni ndipereke chitsanzo cha kuno ku Mozambique chimene chikugwirizana pang'ono ndi a Mapulani77. Chilumba cha Ilha de Moçambique, chimene chinali likulu la ulamuliro wa Apwitikizi m'dziko lino mpaka 1898, chili ndi mbali ziwiri. Kumpoto kuli tauni ya miyala ndi njereza, ya nyumba zikuluzikulu za amalonda ndi boma. Kumwera kuli dera la macuti, la nyumba zofolera ndi masamba a kokonati, ndipo n'kumene kumakhala anthu ambiri. Zambiri mwa nyumbazi zili m'maenje mmene munakumbidwa miyala yomangira tauni ya kumpoto ija, moti ukamayenda pa msewu umaona madenga ali m'munsi mwako, ndipo mvula ikagwa madzi amatsikira komweko. Pakati pa 1982 ndi 1985, sukulu ya zomangamanga ya ku Aarhus ku Denmark inagwira ntchito limodzi ndi nthambi ya boma yoona za chikhalidwe, ndipo anayeza ndi kujambula nyumba za pachilumbapo n'kusindikiza lipoti lalikulu. UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaika chilumbachi pa mndandanda wa malo a mbiri ya dziko lonse mu 1991, ndipo lipoti lija ofufuza ndi okonza nyumba akuligwiritsabe ntchito pofuna kudziwa mmene nyumba inalili kale. Apa alendo anasiya chinthu chogwirika. Koma onani kusiyana kwake: inali ntchito ya zaka osati ya masabata, ndipo chimene anasiya makamaka ndi miyezo ya zimene zinalipo.

Ngakhale zili choncho, vuto la a WaKuHuangpu lilipo kunonso. Alendo amakonda denga la macuti chifukwa m'nyumba mumazizira bwino ndipo limakongola pa chithunzi. Mwini nyumba amawerengera kuti masambawo amafuna kusinthidwa pakapita zaka zochepa, kuti mtengo wake wakwera, kuti moto ukabuka sapulumutsa kanthu, ndiponso kuti namondwe ngati Gombe wa mu 2022 akabwera amasasula. Akapeza ndalama amagula malata ndi mabuloko a simenti. Kumuuza kuti asunge chikhalidwe popanda kumuthandiza kugula masambawo n'kumupempha kuti alipire yekha chinthu chimene akusangalala nacho ndi ena.

KabazaExpress

Funso langa ndi lapafupi. Anthu amene munawalowera m'nyumba, kuwatsegulitsa makabati ndi kuwajambula zithunzi, analandira chiyani? Kwathu kuno munthu sapita ku wekishopu popanda alawansi.

WaKuHuangpu

Tinawatengera zipatso ndi mabisiketi, monga amachitira munthu akamakacheza kwa okalamba kuno. Ndalama sanalandire.

Mapulani77

Ndipo anachita bwino osapereka ndalama. Munthu amene walandira alawansi amakuuzani zimene akuganiza kuti mukufuna kumva, ndipo chaka chamawa amene amabwera ku msonkhano ndi odziwa kusaina, osati okhala m'nyumba zodontha.

MayiWaMdadada

Pepani a Mapulani77, koma inu pa tsikulo mumakhala mukulandira malipiro anu, ndipo alendo aja tikiti yawo inalipiridwa. Wosalipidwa ndi mwini nkhani yekha. Mayi wogulitsa mandasi akasiya beseni kuti akufotokozereni mmene amaphikira pa khonde, wataya ndalama ya ndiwo. Ngati ndalama m'manja zikuopsa, mukonzereni chitseko kapena zenera.

NaPhiri_CT

Tibwerere ku nyumba. Ine ndimagwira ntchito ku Cape Town, ndipo ndikufuna kuwonjezera chinthu chimene sichinatchulidwe, ndiwo msonkho. Bo-Kaap, dera la nyumba za mitundu yowala m'munsi mwa phiri la Signal Hill, ndi kwawo kwa Asilamu amene makolo awo ambiri anabweretsedwa ngati akapolo, ndipo mzikiti wa Auwal wa mu 1794 uli komweko. Deralo linapulumuka pamene District Six, dera lina la mumzindawu, inkagumulidwa pambuyo pa 1966. Lero chowasamutsa si buludoza koma mtengo. Ogula achuma akamakonza m'kati mwa nyumba mwamakono n'kumazigulitsa modula, mtengo wa nyumba zoyandikana umakwera, ndipo khonsolo imawerengera msonkho potengera mtengowo, moti munthu wopuma pa ntchito amene anabadwira m'nyumbamo amavutika kulipira. Mu 2019 mzinda unaika deralo pansi pa chitetezo cha malo a mbiri pambuyo pa zionetsero za okhalamo, koma chitetezocho chimayang'ana kwambiri maonekedwe a nyumba, osati amene akukhalamo. Wophunzira wokonza m'kati mwa nyumba ayenera kudziwa kuti khitchini yokongola imene wajambula ikhoza kukweza bilu ya neba. Ayeneranso kudziwa kuti m'mabanja ambiri a kumeneko chipinda chakutsogolo ndi chimene chimalandira khamu pa maliro, pa mapemphero ndi pa Eid, choncho asathamangire kuchidula pakati kapena kuchisandutsa chogona asanafunse ntchito yake.

Womasulira_M

Monga munthu amene ndimadya ndi kumasulira, ndikuona kuti omasulira atchulidwa kawiri koma palibe amene wawaganizira. Okalamba ambiri a ku Shanghai amamasuka m'chilankhulo cha mumzindawo, chimene n'chosiyana kwambiri ndi Chimandarini cha kusukulu, ndipo wophunzira wochokera ku chigawo china cha China akhoza osachimva bwino. Ndiye mawu a agogo amadutsa m'pakamwa pawiri asanafike m'Chingelezi. Panjirapo dandaulo lalitali lokhudza neba wa pamwamba limafupikitsidwa n'kutsala chiganizo chimodzi chaulemu chakuti malo ndi ochepa. Womasulira amenenso ndi wophunzira amachotsa zimene akuona kuti zingachititse manyazi dziko lake pamaso pa alendo, ndipo samachita mwadala nthawi zonse.

WaKuKansai

Popeza mwatchula ophunzira a ku Japan, ndifotokoze chimene mwina chinali m'mitu mwawo. Ku Kyoto kuli nyumba zamatabwa zotchedwa machiya, zopapatiza kumaso koma zazitali kulowa m'kati. Mbali imodzi kumadutsa kanjira ka dothi kochokera ku msewu mpaka kuseri, ndipo khitchini ili m'kanjirako, pamwamba pake popanda siling'i kuti utsi ndi kutentha zizikwera. M'kati muli kadimba kakang'ono kolowetsa kuwala ndi mphepo. Nyengo yotentha ikayandikira, mabanja ena amachotsa zitseko zokoka za mapepala n'kuikamo za bango, kukayamba kuzizira n'kubwezera zoyamba zija. Kafukufuku wa mzindawo wa mu 2016 anapeza kuti nyumbazi zatsala pafupifupi 40,000, ndipo zoposa 5,000 zinali zitatha m'zaka 7 zokha. Mu 2017 anakhazikitsa lamulo loti mwini wa nyumba yosankhidwa azidziwitsa mzinda chaka chathunthu asanagumule, kuti mwina papezeke wogula kapena wobwereka. Zambiri mwa zimene zakonzedwa zasanduka malo ogona alendo ndi malesitilanti, choncho a Chiswe apeza umboni wawo kumenekonso. Koma Kyoto ili ndi akalipentala amene akudziwabe kumanga mwa njira yakale, ndipo kukonza kwenikweni kumadalira iwowo. Wophunzira wochokera kumeneko anazolowera kuti chipinda chimodzi chikhoza kukhala chochezera masana ndi chogona usiku, zofunda n'kusungidwa m'kabati ya m'khoma. Ndikukhulupirira kuti pa nyumba yothinana ya ku Shanghai nzeru imeneyo inali yothandiza kuposa tebulo lalikulu lija.

WaKuHuangpu

Mwalasa, a WaKuKansai. M'nyumba za shikumen muli kachipinda kotchedwa tingzijian, kamene kali pokhotera masitepe, pamwamba pa khitchini ndi pansi pa malo oyanikira zovala. Kamayang'ana kumpoto, kamakhala ka masikweya mita pafupifupi 7, denga lake ndi lalifupi, ndipo kamatentha kwambiri m'nyengo yotentha n'kuzizira kwambiri m'nyengo yozizira. M'nyumba imene tinapatsidwa mumagona mnyamata woperekera zakudya pa njinga, amene sitinakumane naye. Tinangoona chisoti chake ndi bokosi la zakudya pakhomo. Ophunzira a ku Japan anajambula bedi lokwera m'mwamba lokhala ndi madilowa pansi pake, komanso thabwa lopinda lolembera ndi kudyerapo, zinthu zimene kalipentala akhoza kupanga popanda chilolezo cha ofesi iliyonse ndipo mwini wake akhoza kunyamula posamuka. Pa mapulani onse, iyi yokha ndi imene ikanatheka mwezi womwewo. Pa chionetsero sinatamandidwe, chifukwa oweruza anati ndi mipando chabe, si kukonzanso dera. Gulu lina linati kachipindako kasanduke bafa la nyumba yonse, popeza kali pamwamba pa khitchini pamene pali kale mapaipi, ndipo pulaniyo ndi imene inayamikiridwa. Za kumene mnyamatayo akagone palibe anafunsa.

Mapulani77

Pamenepo vuto lili pa kaweruzidwe, osati pa kusakaniza mitundu. Zikanakhala kwa ine, sukulu ikanasankha kanjira kamodzi n'kumabwererako chaka ndi chaka, gulu latsopano n'kumayambira pamene lakale linasiyira. Miyezo yonse ikanasiyidwa ku komiti ya m'deralo m'chilankhulo cha komweko, kucheza kwina kukanachitika madzulo pamene ogwira ntchito afika, ndipo pa tebulo la oweruza pakanakhala mmodzi wa okhalamo.

Chiswe

Wokhalamo uti, mwa magulu atatu aja? Komiti idzatumiza wokhala ndi ufulu, ndipo iye adzavotera bafa.

MmisiriWakale

Pa luso lokha, a gulu la bafawo sanalakwe. Kuika madzi pamwamba pa madzi n'kumene ife timachita, chifukwa paipi imatsika molunjika osadutsa pa bedi la munthu. Koma a WaKuHuangpu, musanawayamikire kapena kuwadzudzula, mutiuze ngati pansi pa kachipindako ndi pa matabwa kapena pa konkire, komanso ngati m'kanjirako muli paipi ya zonyansa kapena ngalande ya madzi a mvula ndi a m'khitchini chabe. Ngati muli ngalande yokha, bafa losambira litheka koma chimbudzi sichitheka, pokhapokha akumbe kanjira konse mpaka ku msewu waukulu, ndipo mtengo wa kukumbako ndi umene muyenera kuyamba mwafunsa.